Kudwazika matenda amgonagona: momwe mungasamalire mtima wa wodwala

Achimwene anga aakulu anali dalaivala wa thiraki, munthu wa nthabwala, woti akabwera kuchokera ku Beira mzere wonse wa nyumba ku Kawale kuja unkadziwa kuti afika. Impso zawo zitafooka, moyo unasanduka wa masiku awiri pa sabata ku makina otsuka magazi, maola anayi ali chigonere, masiku otsalawo n'kumangodikira tsiku lina la makina. Alamu anga ankawayezera madzi akumwa m'kakapu ka tiyi, poti adokotala anaika malire. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, bambo wamkulu n'kumayang'anitsitsa ndowa ya madzi ili pakona, osanena kanthu.

Usiku wina magetsi atazima tinakhala pakhonde awiriwiri. Anati, "Iwe, ine ndikapita, kamtsikana aka kadzamaliza Fomu 4?" Ndinayankha asanatseke n'komwe pakamwa: "Aaa achimwene, musamayankhule choncho. Limbani mtima, muchira." Anangoti, "Chabwino," n'kundiuza kuti ndiwagwire mkono alowe m'nyumba. Unatha mwezi wathunthu osandiyambanso nkhani, moni basi. Ine ndinkadziona ngati ndawalimbikitsa, chonsecho ndinali nditawatseka pakamwa.

Malangizo awa ndi a inu amene muli ndi wodwala khansa, impso, mtima, sitiroko, shuga yomwe yafika podulitsa mwendo, kapena HIV yomwe yabwera ndi matenda ena pamwamba. Thiransipoti timaidziwa kusaka, phala timalidziwa kuphika, zofunda timachapa. Koma mtima wa wodwalayo timausiyira mawu awiri aja, "limbani mtima," pomwe nawo umafuna ndondomeko yake ngati mmene mankhwala alili ndi nthawi yake.

Choyamba, thetsani ululu wa m'thupi

Munthu amene fupa lamuwawa usiku wonse simungamulangize kanthu, mawu anu onse amagwera pansi. Ndiye yambani ndi mafunso a thupi: pakuwawa ndi pati, pamakula nthawi yanji, tulo mukuliona? Musakhutire ndi yankho loyamba. Akuluakulu athu amati "ndadzukako" ngakhale atachezera kubuula.

Anamwino ali ndi njira yosavuta yoyezera ululu ndi zala za dzanja limodzi. Chibakera ndiye kuti palibe chikuwawa, zala zonse zisanu ndiye ululu wosapiririka. Muzifunsa m'mawa ndi madzulo, n'kulemba nambalayo pakapepala komwe muzikasunga m'buku la kuchipatala. Dokotala akaona kuti sabata yonse zala zakhala zinayi, amachitapo kanthu msanga kusiyana n'kungomva kuti "akumvako kuwawa pang'ono."

M'zipatala zikuluzikulu za boma muli gawo lomwe anthu amangolitchula kuti palliative, losamalira odwala matenda osachizika pochepetsa ululu ndi mavuto ena. Funsani namwino kuti lili pati ndipo amaona anthu masiku ati. Kumeneko ndi komwe odwala khansa amalandira morphine wamadzi, womwa maola anayi alionse. Mabanja ambiri amamuopa, amati akakupatsa ameneyo ndiye kuti akutaya. Si choncho ayi. Akamwedwa motsatira muyezo wa adokotala, munthu amagona, amadya, amayambanso kucheza. Vuto lake lodziwika ndi kudzimbidwa, choncho pemphani mankhwala ofewetsa chimbudzi tsiku lomwelo. Kwa odwala impso samalani kwambiri: brufen, diclofenac ndi indocid, omwe tinazolowera kungogula pagolosale, amawonjezera kuwononga impso, ndipo mankhwala ena ambiri amafuna muyezo wosiyana ndi wa anthu ena. Musagule nokha.

Chachiwiri, khalani pansi, funsani, kenako khalani chete

Apa ndi pomwe ine ndinagwa, ndiye ndichedwapo.

Sankhani nthawi yoti m'nyumba mulibe alendo, wailesi yakanema yazimitsidwa, ndipo foni yanu ili m'thumba. Musaime pakhomo la kuchipinda ngati mukufunsa njira. Khalani pamphasa kapena m'mphepete mwa bedi, maso anu afanane msinkhu ndi ake. Munthu amene waima ali paulendo, ndipo wodwala amadziwa zimenezo.

"Muli bwanji?" ndi moni, si funso. Yankho lake linakonzedwa kale. Mafunso otsegula pakamwa ndi monga awa: "Usiku tulo tikasowa mumaganiza chiyani?" "Pa zonsezi, chikukusowetsani mtendere kwambiri n'chiti?" "Adokotala atafotokoza muja, inuyo munamva kuti chiyani?" Mukafunsa, werengani chamumtima mpaka 20 musanatulutse liwu lina. Chete ameneyu amayabwa, mudzafuna kumudzaza ndi nkhani ya mtengo wa ufa kapena vesi. Piririni. Nthawi zambiri mawu enieni amatuluka chete uja atafika povuta.

Mudzadabwa ndi zomwe mudzamve. Ife athanzi timaganiza kuti wodwala akuopa imfa basi. Koma wina chikumudya ndi lendi ya nyumba, wina ndi fungo la bala lake lomwe waona kuti ana ayamba kulithawa, wina ndi manyazi oti mwana wake wamkazi ndiye akumuchotsera chikodzero. Mayi wina akuopa kuti mwamuna wake apeza mkazi wina iye akadali moyo. Bambo wina sakupirira kupempha ndalama ya mayunitsi kwa mkazi amene kwa zaka zambiri ankamusiyira ndalama ya ndiwo patebulo. Zimenezi simungazilote, muyenera kuuzidwa.

Akayamba kulira, musathamangire kuti "musalire," kapena "mwamuna salira," kapena "ena akuvutika kuposa inu." Ngakhale mawu oti "zonse tisiye m'manja mwa Mulungu," omwe ndi oona kwa wokhulupirira, akabwera msanga amagwira ntchito ya chivundikiro. Mawu othandiza ndi ochepa: "Ndikumva, pitirizani." "N'zowawadi." "Sindikudziwa choti ndinene, koma ndili pompano." Mukamugwira dzanja, ngati ubale wanu ukulola, zakwana.

Ubale umenewu muuganizire bwino. Apongozi sangakhuthule za mumtima kwa mkamwini. Bambo sangauze mwana wake wamkazi kuti kuyambira pomwe shuga inakula mphamvu za m'nyumba zinatha. Ngati inu si munthu woyenera, musakakamize, koma sakani amene ali woyenera: msuweni amene amanyozana naye mwanthabwala, ankhoswe, mnzake wa kuntchito, mayi wa kumpingo amene anakula naye. Chisuweni ndi chuma pa nkhani imeneyi, chifukwa msuweni amaloledwa kunena zomwe ena onse akuzizungulira. Azibambo ambiri samasuka mukawayang'ana m'maso. Amamasuka manja ali pa bawo, kapena khutu lili pa mpira wa pawailesi. Achimwene anga anayambanso kuyankhula tsiku lomwe mnzawo wakale wa pamsewu anabwera kudzamvera nawo masewero a Silver Strikers.

Padzakhalanso masiku a ukali: phala latentha, phala lazizira, mbale yakankhidwa. Ukali umenewu mwini wake ndi matenda, inu mwangopezeka pafupi. Tulukani panja, pumani, mubwerere. Koma kutukwana kapena kumenya si zoti muzingopirira. Itanani wamkulu wa pabanja ayankhule naye, ndipo muwauzenso achipatala, poti nthawi zina kusintha kwa khalidwe kumachokera ku matenda omwewo.

Chachitatu, musamubisire matenda ake

Tili ndi chizolowezi chokokera dokotala pambali n'kunena kuti, "Musawauze, angafe ndi maganizo." Timachita mwachikondi, koma taganizani mmene zimaonekera kwa amene wagona pabedi. Thupi lake likutha, akuliona. Akalowa pabalaza anthu amasiya nkhani. Azakhali a ku Dowa amene sanabwere zaka zisanu afika mwadzidzidzi ndi nkhuku. Munthuyo akudziwa. Chomwe mwamulanda ndi mwayi woti akambe ndi wina zomwe akudziwazo, ndiye aliyense m'nyumbamo akunamiza mnzake kuti amuteteze.

Chitani motere. Mufunseni kaye zomwe iye akuganiza kuti akudwala. Kenako mufunseni ngati akufuna kumva zonse kuchokera kwa adokotala, kapena akufuna kuti wina azimva m'malo mwake. Alipo amene amati, "Uzani mwana wangayu, ine sindifuna zambiri." Amenewo alemekezeni, ndi ufulu wawo. Amene akufuna kumva, mupite naye, mutalemberatu mafunso atatu okha papepala, chifukwa mzere umakhala wautali ndipo mukalowa m'kachipinda muja mutu umabalalika. Mwachitsanzo: matendawa afika pati, mankhwalawa cholinga chake n'kuchiza kapena kuchepetsa mavuto, ndipo tikaona chiyani kunyumba tithamangire kuno? Mukabwerako musakambe zonse tsiku limodzi. Uthenga wolemera umalowa pang'onopang'ono, ndipo funso lomwelo akhoza kulifunsa katatu.

Ana nawo auzeni, m'mawu a msinkhu wawo: adadi akudwala impso, si iwe unachititsa, sungatengere pokhala nawo pafupi, ndipo sukulu uzipitabe. Mwana wosauzidwa amadzipangira nkhani yake, ndipo kawirikawiri imakhala yoopsa kuposa yeniyeniyo.

Chachinayi, siyanitsani chisoni ndi matenda a maganizo

Kulira utauzidwa kuti uli ndi khansa si matenda. Kukhala ndwii masiku angapo si matenda. Chisoni chotere chimabwera n'kupita: mdzukulu akalowa munthu amamwetulira, nsima ya ndiwo zomwe amakonda amaidyako.

Matenda okhumudwa ndi ena. Yang'anirani ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo, pafupifupi tsiku lililonse, munthu ali wokhumudwa kapena palibe chomwe chikumusangalatsa, ngakhale zomwe ankazikonda. Pamwamba pa izo pamabwera kudzuka mbandakucha osagonanso kapena kugona kosalekeza, kusafuna kudya, kudziona wachabechabe, kudziimba mlandu, kulephera kutsatira nkhani, ndi kulakalaka kufa. Kutopa ndi kuonda zikhoza kuchokera ku matenda a thupi omwewo, choncho tcherani khutu kwambiri ku mawu: "Ine ndine katundu chabe," "Mukungotaya ndalama," "Bola ndikanangopita." Chizindikiro china chomwe mabanja amachiphonya ndi kusiya mankhwala. Munthu amene ankamwa ma ARV mokhulupirika zaka khumi akayamba kudumphitsa, kapena wa shuga akaleka kudzibaya, musayambe ndi kukalipa. Funsani kaye za mtima.

Pali ziwiri zoti musazisokoneze ndi zimenezi. Munthu akasokonezeka mutu mwadzidzidzi, dzulo anali bwino lero sakuzindikira anthu, akubwebweta kapena akungosinza, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Izo zikhoza kukhala shuga yotsika kapena yokwera kwambiri, poizoni wochuluka m'magazi chifukwa cha impso, malungo, kapena matenda ena olowa m'magazi. Si nthawi ya uphungu, si nthawinso yosaka amene walodza. Chachiwiri, mankhwala ena amasintha maganizo. Prednisolone amatha kusowetsa tulo ndi kusintha khalidwe. Efavirenz, amene anali m'ma ARV a 5A, ankabweretsa maloto oopsa ndi kukhumudwa kwa anthu ena, ngakhale kuti kuyambira 2019 ambiri anasinthidwa kupita ku 13A. Tengani mabotolo ndi timapepala tonse ta mankhwala mukawaonetse adokotala, ndipo musasiye mankhwala alionse panokha.

Funso lomwe tonse timaliopa

Ngati mwamva mawu ngati aja, funsani mosazungulira: "Kodi maganizo odzipha amakubwererani?" Kufunsa sikumuika munthu maganizo amene analibe. Ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Akavomera, funsani ngati waganiza kale njira ndi nthawi. Musamukalipire, musamuuze za tchimo kapena manyazi a pamtundu, chifukwa mukatero sadzakuuzaninso.

Tsiku lomwelo chotsani m'nyumba tameki, mankhwala othira m'chimanga ndi a m'dimba, ndi zingwe. Mankhwala ake a kuchipatala muzisunga inu n'kumamupatsa a nthawi imodzi imodzi. Asakhale yekha, usiku womwe. Ndipo mupite naye kuchipatala osadikira tsiku lolembedwa m'buku. Akakuuzani kuti musauze munthu, muyankheni moona kuti chinsinsi ichi chokha simungachisunge.

Chachisanu, kapezeni thandizo la akatswiri

Poyambira pafupi ndi pomwe wodwala amalandira kale mankhwala. Pa tsiku lake la kiliniki, kaya ndi ku Kawale, ku Area 18, ku Area 25 kapena ku Kamuzu Central, nenani momveka: "Kupatula matenda awa, akuganiza kwambiri, sakugona, ndipo akunena zofuna kufa. Tikufuna thandizo la maganizo." Mukapanda kunena, dokotala amene ali ndi mzere wofika panja adzayeza BP n'kulemba mankhwala basi. Madokotala ena amagwiritsa ntchito mafunso asanu ndi anayi ofufuzira matenda okhumudwa. Mulekeni wodwalayo ayankhe yekha, ndipo ngati n'kotheka tulukani kaye.

Amene amalandira ma ARV ku Lighthouse ya ku Kamuzu Central, kapena ku Martin Preuss ya ku Bwaila, ali ndi aphungu pomwepo. Ku Bwaila, komwe akuluakulu amakutchulabe kuti ku Bottom, kumaonedwanso odwala matenda a maganizo. A St John of God, omwe anayambira ntchito yawo ku Mzuzu, ali ndi malo ku Area 43 komwe amapereka uphungu ndi chithandizo cha matenda a maganizo. Funsani za malipiro ndi masiku musananyamuke, kuti musawononge ndalama ya minibasi. Mukasowa poyambira, imbani ku Chipatala cha pa Foni, akuuzeni koyenera kupita.

Mawu oti "maganizo" akangotchulidwa, odwala ambiri amati, "Ndiye mwayamba kundiona wamisala? Mukufuna kunditumiza ku Zomba?" Muyankheni kuti uphungu ndi kukhala pansi ndi munthu wophunzitsidwa kumvetsera, amene si wachibale, sadzakaulula kumpingo, ndipo simuyenera kumuteteza ku misozi yanu monga mumatetezera ana anu. Mfundo yomalizayi ndi yomwe imagwira mtima anthu ambiri. Kukumana kamodzi sikukwanira, pamafunika maulendo angapo, choncho yesetsani kuti tsiku la uphungu ligwirizane ndi tsiku lotenga mankhwala.

Akapatsidwa mankhwala a matenda okhumudwa, omwe m'zipatala za boma kawirikawiri amakhala amitriptyline kapena fluoxetine, dziwani kuti sagwira ngati panado. Pamatenga masabata angapo, nthawi zina anayi mpaka asanu ndi limodzi, kuti kusintha kuoneke bwino, ndipo akayamba kupeza bwino sayenera kusiya yekha. Amitriptyline amagonetsa ndi kuumitsa kukamwa, n'chifukwa chake amamwedwa usiku, ndipo ndi woopsa kwambiri munthu akamwa wambiri nthawi imodzi. Ameneyu ndiye muzisunga inu ndithu.

Chachisanu ndi chimodzi, vuto limodzi pa nthawi

Pali njira ina ya uphungu yomwe mungathe kuitengera kunyumba. Inatchuka ndi Friendship Bench, ntchito yomwe dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare, pophunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi kunja kwa chipatala ndi anthu amene akuvutika ndi chomwe Ashona amati kufungisisa, ife timati kuganiza kwambiri. Mutu wa munthu woganiza kwambiri uli ngati msika wa Lizulu, aliyense akuitanira malonda ake nthawi imodzi. Njirayi imathandiza kuti ayankhule mmodzi.

Tengani kope. Wodwalayo atchule mavuto onse amene akumuzungulira, inu muzingolemba osatsutsa. Kenako iye, osati inu, asankhe limodzi lomwe lingatheke kuchitapo kanthu sabata ino. "Impso zanga" si vuto loti mungalithetse pakhonde. "Lachinayi ndilibe thiransipoti yopitira ku makina" ndi vuto logwirika. Tchulani njira zonse zomwe zingabwere m'mutu, ngakhale zoseketsa: kupempha mwana wa achemwali amene ali ku Johannesburg atumize pa foni, kukambirana ndi wakabaza wa pafupi kuti azilipidwa pakutha pa mwezi, kubwereka ku banki m'khonde ya alamu, kugulitsa matayala akale ali kuseri kwa nyumba. Iye asankhe imodzi, mugwirizane kuti achita ndani ndipo liti, ndipo sabata yamawa mubwerere ku kope lija muone ngati zatheka. Zikakanika, mutenge njira yachiwiri.

Phindu lake si thiransipoti yokhayo. Munthu amene kwa miyezi wakhala akungonyamulidwa, kudyetsedwa ndi kuuzidwa zochita, waganiza yekha chinthu n'kuchiona chikuchitika. Pa chifukwa chomwecho, mubwezereni ntchito zomwe angathe: kusankha nyemba, kuona makope a ana, kusunga ndalama ya ndiwo, kuweruza ana akakangana. Musamamufunse za matenda zokhazokha. Mufunseni nzeru, ngati kale.

Alendo ndi mapemphero

Kuzonda odwala ndi mwambo wabwino, koma Lamulungu masana pabalaza pakadzaza anthu khumi ndi awiri, aliyense n'kufunsa kuti zinayamba bwanji, wodwala amatsala wotheratu ndipo shuga wa m'nyumba watha. Sankhani munthu mmodzi wolimba pakamwa akhale mlonda. Alendo azilowa awiri kapena atatu, mphindi zochepa, ndipo wodwalayo akhale ndi ufulu wonena kuti lero ayi. Amayi a Chigwirizano, a Dorika, a kumphakati kapena a kumzikiti akafunsa kuti tithandize chiyani, musayankhe kuti "mapemphero basi." Nenani kuti Lachiwiri tikufuna wina wokhala nawo kuyambira 8 koloko mpaka 12 koloko, kapena wochapa mabulangete. Anthu amafuna kuthandiza, amangosowa pogwira.

Pemphero ndi nyimbo zimatonthoza, ndipo wodwala akazifuna musamumane. Koma aliyense wobwera ndi mawu oti tayani mankhwala mwachira, kapena oti mukudwala chifukwa chikhulupiriro chanu n'chochepa, kapena wobwera ndi botolo la zitsamba za ndalama zambiri, mlonda uja amuperekeze mwaulemu mpaka pageti. Zitsamba zosadziwika zimatha kumaliza impso ndi chiwindi zomwe zafooka kale, ndipo mawu oti wina wa pabanja ndiye walodza amasiya wodwala ali pakati pa nkhondo pa nthawi yomwe akufuna abale ake onse.

Inu odwazika

Alamu anga anaonda kuposa wodwalayo. Ankadzuka 4 koloko, ankagona pampando, geni yawo ya kaunjika inaima, ndipo aliyense wolowa m'nyumba ankafunsa kuti, "Odwala ali bwanji?" Palibe ankafunsa za iwo. Tsiku lina ndinawapeza kuseri kwa bafa atakhala pachidebe, akulira mosatulutsa mawu, m'manja muli kakapu koyezera madzi kaja. Anati, "Alamu, nthawi zina ndimalakalaka zitangotha, kenako ndimadzida." Maganizo amenewo amabwera kwa odwazika ambiri. Ndi kutopa, si ufiti.

Itanani msonkhano wa banja, a kutali alowe pa WhatsApp. Lembani kuseri kwa kalendala: ndani akugona ndi wodwala usiku uti, ndani akuperekeza kuchipatala, ndani akutumiza zingati pa mwezi ndipo tsiku liti. Ntchito isagwere mkazi mmodzi chifukwa choti ndi mkazi. Wodwazika wamkulu akhale ndi tsiku limodzi pa sabata lochoka pakhomo, apite kutchalitchi, kumsika, kapena akangogona kwa mnzake. Ngati nayenso ali ndi BP kapena amamwa ma ARV, wina aziona kuti sakudumphitsa masiku ake. Zizindikiro zija za masabata awiri zimagwiranso iye, ndipo khomo la aphungu ndi lomwelo.

Bwererani ku funso lomwe munalithawa

Wodwala akafunsa za ana, za nyumba kapena za maliro ake, sikuti akuitana imfa. Akufuna kuika zinthu m'malo kuti mutu upume. Patatha mwezi uja ndinapita kukakhala m'mphepete mwa bedi la achimwene n'kunena kuti, "Achimwene, funso lija munandifunsa pakhonde sindinaliyankhe bwino. Tiyeni tilikambe." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Katenge kope."

Tinalemba fizi ya teremu iliyonse mpaka Fomu 4 ndi dzina la amene adzalipire. Tinalemba komwe kuli mapepala a puloti, amene ali nawo ngongole ndi amene iwo ali nawo ngongole. Ananenanso komwe akufuna kudzaikidwa, nkhani yomwe ikanadzautsa mkangano pakati pa kumudzi ndi m'tauni. Kenako tinakonza wilo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, komabe pepala lolembedwa limatseka pakamwa anthu ambiri nkhani isanafike kukhoti. Wilo ilembedwe munthu ali bwinobwino m'mutu, asaine yekha pamaso pa mboni ziwiri, nazonso zisaine, ndipo ndi bwino mbonizo zisakhale anthu amene adzalandire kanthu. Ngati pali nyumba kapena malo, kaonaneni ndi wodziwa malamulo aione.

Ife mboni zathu zinali mkulu wa mpingo ndi mnzawo wa pamsewu uja. Pepala limodzi linapita kwa abusa, lina alamu analiika pansi pa zitenje m'sutikesi. Usiku umenewo achimwene anagona mpaka kunja kutayera, moti alamu anachita kuwagwedeza kuti tisachedwe ku makina.